Khoma Limene Linakana Kuyimba

Landirani moni nonse amene mukuwerenga mawu awa, makamaka inu amene mwadzuka lero mtima uli wolemera. Ndikuyamika Mulungu amene watisungira mpweya kufikira lero, ndipo ndikuyamikanso inu pondipatsa khutu. Ndili ndi nkhani ya bambo wina wolemba zikwangwani. Khalani pansi muimve.

Tsiku limene anatuluka m'chipatala, a Mzere anapempha mwana wawo wamkazi kuti awabweretsere bokosi lawo la maburashi. Mwanayo analibweretsa n'kulitsegula pampando. Iwo anafuna kutola burashi imene ankaikonda, ya chogwirira chothetheka ndi zala, koma dzanja lamanja silinapite. Linangokhala pantchafu ngati la munthu wina. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kukhoma.

"Kalitaye kudzala," anatero.

Mwanayo anatseka bokosilo n'kutuluka nalo.

Dzina loti Mzere anawapatsa ndi anthu a mumzindawo, chifukwa ankatha kukoka mzere wowongoka kuchokera kumapeto ena a khoma kukafika kwina popanda thabwa kapena chingwe. Zikwangwani za matelala, za malo ogulitsa nyama, za kumbuyo kwa mabasi, zambiri zinali za dzanja lawo. Sankapereka ntchito yokhala ndi chilembo chopendekeka. Ngakhale mwiniwake atayamika kale, iwo akaona kampata kolakwika ankabwereranso mawa lake ndi makwerero kukakonza.

Koma mvula ikakuona litsiro sikata. Choyamba kunabwera makina osindikiza zikwangwani, ntchito n'kuyamba kuchepa. Kenaka akazi awo, amene ankasesa msewu wa kudepoti ya mabasi m'mawa uliwonse akuyimba nyimbo za kutchalitchi, anadwala pang'ono n'kumwalira. Misozi isanaume, sitiroko, nthenda yopha ziwalo, inawapeza a Mzere ali pamakwerero, n'kuwalanda dzanja lomwe linkawadyetsa.

Anasiya kupita kutchalitchi. Ankati sangakhale pakati pa anthu owomba m'manja iwo ali ndi dzanja limodzi. Ankakhala m'chipinda, katani ili yotseka, akumvetsera mzinda ukudutsa panja. Pemphero lawo linafupika mpaka linatsala liwu limodzi lokha lofunsa chifukwa.

Mwana wawo uja ankakonza mafoni. Kamalo kake kanali pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja pafupi ndi depoti: tebulo lopapatiza, nyali yopindika khosi, timabotolo ta tizitsulo tating'ono ngati mchenga, ndi mafoni osweka magalasi ataunjikana mukatoni. Ataona kuti bambo ake akufota, anawauza kuti sangathenso kuwasiya okha tsiku lonse, ndipo ngati sapita naye limodzi, nayenso sapita kuntchito. A Mzere anadandaula, koma anavala nsapato.

Moyandikana ndi kamaloko munali wometa, munthu wapakamwa posatseka, amene anadziwana ndi a Mzere kuyambira kale. Anawasiya masiku angapo akhale pabenchi, kenaka tsiku lina anatulukira atanyamula chikwangwani chake chofufutika.

"Madala, ichi munalemba ndinu. Taonani mmene chathera. Dzulo wina wabwera kudzafunsa ngati ndimagulitsa makala."

"Dzanja linafa, achimwene."

"Mulungu anakupatsani awiri. Linalo mukusungira ukwati?"

A Mzere anayankha kuti ngakhale akanafuna, maburashi anatayidwa kalekale. Apo mwana wawo anawerama pansi pa tebulo, nakoka bokosi lija, n'kuliika pamiyendo pawo.

"Dzala lake ndi lino, bambo," anatero, n'kubwerera ku foni imene ankaitsegula.

Sanayambe ndi penti. Anayamba ndi madzi. Kuseri kwa masitepe kunali kamalo ka simenti, ndipo iwo ankaviika burashi m'kachitini ka madzi n'kumalemba pansi ndi dzanja lamanzere. Anasankha madzi chifukwa amauma msanga osasiya mboni. Zilembo zinkayenda ngati munthu wochokera kumowa. Phewa linkawawa, burashi inkapulumuka, ndipo masiku ena ankaiponya kutali n'kuisiya komweko mpaka madzulo. Koma m'mawa mwake ankaitolanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyengo yozizira inapita, kunabwera yotentha. Anachoka pasimenti n'kupita pamakatoni. Pomaliza analemba chikwangwani cha wometa uja, ndipo atachimaliza anachita manyazi mpaka anafuna kuchitembenuza. Wometayo anachilanda n'kuchikhomera pamwamba pa chitseko, akunena kuti zilembo zikuvina koma zikuwerengeka, ndipo makasitomala ake nawonso mitu yawo siyowongoka.

Mzere wowongoka sunabwererenso. Koma dzanja lamanzere linali ndi mphatso ina imene lamanja linalibe. Lamanja linkadziwa zilembo. Lamanzere linayamba kutulutsa nkhope. Anajambula anthu odikira mafoni awo, madalaivala akuwodzera, mayi wobereka mwana akuwerenga uthenga. Tsiku lina, osaganizira n'komwe, anapeza kuti pakatoni pali mayi wowerama atagwira tsache, kukamwa kuli kotsegula pang'ono ngati akuyimba. Mwana wawo anaima kumbuyo kwawo, kenaka anatenga katoniyo n'kuipachika pamwamba pa tebulo lake.

Chaka chimenecho mumzindamo munkakonzedwa chikondwerero cha zaluso. Makoma a depoti, a pansi pa mlatho ndi a nyumba zakale zosungiramo katundu ankaperekedwa kwa ojambula. Patsiku lake misewu ina inkatsekedwa kuti magalimoto asadutse, anthu aziyenda ndi mafoni m'manja. Munthu akaloza kamera ya foni pachithunzi cha pakhoma, foniyo inkachizindikira n'kutulutsa mawu kapena nyimbo imene wojambulayo anasankha.

Mayi wina wa m'gulu lokonza chikondwererocho anabwera kudzakonzetsa foni yake. Akudikira anaona katoni ija, nafunsa kuti anaijambula ndani. Mwana wawo atamuonetsa a Mzere pabenchi, mayiyo anawauza kuti khoma limodzi la depoti lilibe wojambula. Iwo anakana mwaulemu. Anati mzinda uno unawadziwa ali munthu, sakufuna uwaonenso ali theka.

Mayiyo atapita, mwana wawo anatulutsa foni yakale ya mabatani. Inali ya malemu mayi ake. Inagwera m'madzi iwo asanamwalire, ndipo kuyambira pamaliro mwanayo ankalimbana nayo akapeza mpata, kuiumitsa, kuichotsa dzimbiri, kusintha tizitsulo kamodzikamodzi, mpaka anapulumutsa zimene zinali m'kati. Sanawauze bambo ake poopa kuwatsegula bala. Tsiku limenelo anadina batani la mawu amene iye mwini anawajambula tsiku lina mayi ake akusesa.

Munamveka kukwecha kwa tsache pamsewu. Kenaka liwu la mayi likuyimba nyimbo yoyamika Mulungu chifukwa cha kucha kwa tsiku, mosathamanga, motsatira tsache. Pakati pa nyimboyo liwulo linaduka n'kuseka: "Zimitsa chinthucho iwe, anzako tikugwira ntchito." Kenaka linapitiriza kuyimba.

A Mzere anaphimba nkhope ndi dzanja lawo lamoyo.

"Bambo," anatero mwanayo, "khoma akunenalo lili mumsewu umene amayi ankasesa. Ine ndapeza mawu. Nkhope ndilibe."

M'mawa mwake a Mzere anavomera. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kuti liwu la akazi awo limvekenso mumsewu umenewo.

Sakanatha kukwera makwerero, choncho anawamangira nsanja yaifupi ya matabwa. Anasankha penti wamafuta, amene amapirira dzuwa ndi mvula. Ankayamba m'mawa ndi pemphero lalifupi, loyamba kulinena mokweza chidwalireni, n'kugwira ntchito mpaka phewa likane. Pang'onopang'ono mayi wa tsache uja anatulukira pakhoma, wamkulu kuposa chitseko. Mpini wa tsache unali wokhota. M'mphepete mwa msewu munali mokwera ndi motsika. Thambo la kumbuyo kwake linali la mizere yonjenjemera, ndipo diso limodzi linali m'mwamba pang'ono kuposa linzake.

Atamaliza, okonza chikondwerero anabwera kudzajambula khomalo ndi kamera n'kulilumikiza ndi nyimbo ija. Patapita masiku anabweranso kudzayesa, ndipo foni itangoloza khomalo inayimba. Mayi wokonza chikondwerero uja anawachenjeza kuti asakhudzenso kalikonse, chifukwa mafoni aloweza chithunzicho monga mmene chilili. A Mzere anagwedeza mutu kuvomera.

Koma maso awo ankapita kumakoma oyandikana nawo. Ojambula enawo anatulutsa ntchito yakuthwa, mizere ngati yodula ndi lezala. Ndipo tsiku loti mawa ndi chikondwerero, anthu awiri anaima kumbuyo kwawo osadziwa kuti mwini khoma ndi amene wakhala pandowa yovundikira. Wina anafunsa ngati n'zoona kuti imeneyi ndi ntchito ya a Mzere aja. Mnzakeyo anapukusa mutu n'kunena kuti munthu kutha ndiye kumeneku.

Mawuwo anawalasa pamalo pamene panali chilonda kale. Masana amenewo, mwana wawo ali kuntchito, anatenga chingwe, tepi yomata ndi thabwa. Penti wamafuta anali atatha, choncho anapempha wamadzi wotsala kwa ojambula anzawo. Moyo wawo wonse ankadzudzula anthu opaka penti wamadzi pamwamba pa wamafuta, chifukwa sagwira. Koma manyazi saona zimenezo. Anamata tepi, nawongola mpini wa tsache. Anawongola msewu. Thambo lonjenjemera lija analipaka mtundu umodzi wosalala. Diso lija analitsitsa, nkhope n'kuisalaza. Dzuwa likupendeka anabwerera m'mbuyo n'kuona ntchito yoyenera dzina lawo. Anapita kunyumba osauza munthu.

Tsiku la chikondwerero linacha bwino. Msewu unadzaza. Mabanja, ana asukulu, ogulitsa malonda, anthu a m'maofesi atavula mataye, onse mafoni ali m'mwamba. Khoma lina linkalira ngati mbalame, lina linkalakatula ndakatulo, lina linkasimba mbiri ya msika wakale.

Khoma la a Mzere linali chete.

Anthu ankaloza mafoni, kusendera pafupi, kubwerera m'mbuyo, kupukuta kamera pamalaya, kenaka n'kupita kwina. Mayi wokonza chikondwerero uja anafika, nayang'ana khoma, nayang'ana foni yake, n'kumvetsa chimene chachitika. Sanakalipe. Anangofotokoza kuti kujambulanso n'kotheka, koma chithunzi chatsopano chidzafika m'mafoni a anthu chikondwerero chitatha kale.

Mwana wawo anatulukira m'khamulo atavala diresi la mayi ake. Anaima pamaso pa khomalo n'kuliloza ndi foni yake.

"Bambo, mwachita chiyani?"

"Ndangowongola, mwananga. Anthu amaseka."

"Foni ikufunafuna amayi amene munajambula aja. Awa sikuwadziwa." Anatsitsa foniyo. "Inenso sindikuwadziwa."

A Mzere anayang'ananso ntchito yawo. Inali yaukhondo, yowongoka, yopanda poidzudzula. Koma mayi wa pakhomapo sanali akuyimba. Anali ngati zithunzi za pazikwangwani zotsatsa sopo, munthu wopanda kwawo. Apo anaona kuti pobisa kunjenjemera kwa dzanja lawo anakwiriranso akazi awo kachiwiri.

Njira zinali ziwiri. Akanatha kubwerera kunyumba, khoma n'kutsala lokongola ndi losalankhula, dzina lawo lakale lili lotetezeka. Kapena akanatha kuvula manyazi awo pamaso pa mzinda wonse. Anatseka maso. Amene anali pafupi anaona milomo yawo ikugwedezeka. Atatsegula anaitana wometa uja, amene anali atatseka malo ake kuti adzaonerere, n'kumupempha ndowa ya madzi ndi zisanza.

"Madala, mukufuna kusamba pagulu?"

"Eya, achimwene. Ndachedwa kale."

Anakwera pansanja, naviika chisanza, n'kuyamba kukwecha ndi dzanja lamanzere. Cholakwa chawo cha dzulo ndicho chinawapulumutsa: penti wamadzi uja sanagwire. Anayamba kufewa, kusendeka, kutsika ndi madzi, ndipo pansi pake penti wamafuta anali chikhalire. Mpini wokhota unatulukira. Anthu anaima, ena akuyesa kuti ndi mbali ya chionetsero, ena akunong'onezana kuti mkuluyu wazungulira mutu. Madzi akuda anatsikira m'mkono mwawo mpaka m'malaya. Phewa linayaka moto, koma sanasiye.

Mwana wawo anakwinya diresi lija n'kutenga chisanza china. Wometa ankathamanga ndi ndowa, akudandaula kuti moyo wake wonse wakhala akuchotsa tsitsi pamitu, lero wakwezedwa pantchito akumeta khoma. Mayi wokonza chikondwerero anavula wotchi n'kuyamba kuchotsa penti wa m'munsi. Thambo lonjenjemera linabwerera. Msewu unayambanso kukwera ndi kutsika. Nkhope anaisiyira a Mzere okha. Anaipukuta mofatsa, monga mmene anaipukutira m'chipatala masiku omaliza, mpaka diso lija linabwerera pamalo pake, m'mwamba pang'ono kuposa linzake.

Kumbuyo kwawo kunamveka kukwecha kwa tsache.

Inali foni ya mayi wina amene anali atailoza kukhoma kuti ajambule anthu okwechawo. Kenaka liwu linayamba kuyimba. Foni ina inalandira, inanso, inanso, iliyonse kuyambira panthawi yake, mpaka msewu wonse unadzaza ndi liwu la mayi mmodzi likutsatizana lokha ngati mpingo waukulu. Phokoso la malonda linatha. Chakumapeto kwa khamulo kunali amayi osesa mumzinda atavala maovololo awo, akudikira kuti anthu abalalike ayambe ntchito. Anazindikira liwu la mnzawo. Anatsamira matsache awo n'kuyamba kuyimba naye limodzi, misozi ikutsika.

Ndiye panafika paja poseka. "Zimitsa chinthucho iwe, anzako tikugwira ntchito," linatero liwulo, kuchokera m'foni iyi, kenaka iyo, kenaka ina kutsidya kwa msewu. Khamu lonse linaseka likulira, ndipo palibe amene anazimitsa.

A Mzere anakhala pansi pansanja, chisanza chili m'dzanja, malaya atanyowa. Mwana wawo anakhala pambali pawo n'kugwira dzanja lakufa lija m'manja mwake. Wometa anaima potero akupukuta m'maso ndi mkono, n'kunena kuti akuluakulu sananame, ukaipa dziwa nyimbo. A Mzere anaseka, kuseka koyamba kochokera pansi pamtima chimwalirireni akazi awo.

Sanalemere, ndisakunamizeni. Dzanja lamanja silinadzukenso, ndipo mzere wowongoka sunabwerere. Koma kuchokera tsiku limenelo anthu anayamba kuwafunafuna pansi pa masitepe paja. Sukulu ina inawapatsa khoma. Eni masitolo amene anathamangira makina anabwerera kudzapempha nkhope zojambula ndi dzanja. Anabwerera kutchalitchi, ndipo anthu akamawomba m'manja iwo amamenya pantchafu. Tsiku limodzi pamlungu amapita kuchipinda cha chipatala kumene odwala sitiroko amaphunzira kuyendetsanso ziwalo, atanyamula maburashi ndi kachitini ka madzi. Wodwala akachita manyazi ndi mzere wake wokhota, iwo amamuletsa kuufufuta.

Khoma lija likadalipo. Utsi wa mabasi walidetsa pang'ono, koma amayi osesa amalipukuta akamadutsa.

M'bale wanga, mlongo wanga, mwina nanunso muli ndi dzanja limene linafa. Kwa wina ndi ntchito imene inatha, kwa wina ndi mayeso amene analephera, kwa wina ndi munthu amene anamuika m'manda. Mwina mwayambanso, koma chimene chikutuluka n'chokhota, ndipo mukufuna kuchipaka penti kuti anthu asaone. Mawu a Mulungu amatiphunzitsa kuti mphamvu yake imaonekera bwino pamene ife tafooka, ndiponso kuti Iye sayang'ana monga ayang'anira munthu. Amakudziwani monga mulili, ndi kunjenjemera kwanu komwe. Nyimbo imene anaika mwa inu anailumikiza ndi inuyo, osati ndi munthu wosalala amene mukuyesa kukhala.

Tolaninso burashi. Yambani ndi madzi ngati penti akukuopsani. Akaseka, sekani nawo n'kupitiriza. Osataya mtima.

Ambuye amene amadzutsa ogwa akugwireni dzanja limene latsala ndipo alilimbitse. Akupatseni anthu osunga bokosi lanu patsiku limene mwalamula kuti litayidwe. Akuchotsereni manyazi, akubwezereni nyimbo, ndipo mtendere wake ukhale panyumba panu, pantchito ya manja anu, ndi panjira zonse zimene mudzayendamo. Ameni.